Ana amene timawanyamula ngati katundu pa msewu wa Midima

Akonzi,

Ndine dalaivala wa minibasi. Ndakhala pa chiwongolero zaka 14, kuyenda pakati pa Limbe ndi Muloza kudzera msewu wa Midima. Kulemba makalata si ntchito yanga, koma nkhani iyi yandisowetsa tulo, ndipo ife a pamsewu timaiona ndi maso tsiku ndi tsiku pomwe ena amangoimva pa wailesi.

Pa siteji timanyamula zambiri zopanda mwini wake m'galimoto: thumba la chinangwa, nanazi, nkhuku yomangidwa miyendo, envulopu ya ndalama za maliro. Amatipatsa nambala ya foni, tikafika ku Limbe timaimba, mwini wake amabwera kudzatenga. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti momwemonso ndi mmene timanyamulira ana aakazi opita kukagwira ntchito m'nyumba za m'tauni. Thiransipoti amalipiriratu pa foni kwa kondakitala, mwana amakhala pa mpando wakutsogolo kuti asasowe, ndipo ife timakamupereka.

Mu April 2023, patangopita milungu yochepa namondwe wa Freddy atawononga ku Mulanje ndi ku Phalombe, gogo wina anandiimitsa pa Nkando. Anali ndi kamtsikana koti sikanapitirire zaka 11, kovala diresi la yunifolomu ndi masilipasi osiyana mitundu. M'manja kanali ndi jumbo yakuda, mkati mwake muli chitenje chimodzi ndi kope la masamu lomwe linanyowapo n'kuuma, masamba ake atapindikapindika. Gogoyo anang'amba tsamba lomaliza la kopelo, pomwe panali nambala ya foni, n'kundipatsa. Anati, "Bambo, ndakupatsirani mdzukulu wangayu. Akakamutenga madamu ena pa depoti. Akuti akamulowetsa sukulu komweko." Nyumba yawo inali itagwa, munda unakokoloka. Ndinalandira pepalalo monga ndimalandirira mapepala ena onse.

Njira yonse mwanayo sanayankhule. Pa Nguludi ndinamugulira mandasi awiri, limodzi anadya, lina anasunga mu jumbo muja. Titafika ku Limbe madamu aja anabwera pa galimoto yawo. Sanamupatse moni mwanayo, sanamufunse ngakhale za ulendo. Anamugwira manja onse awiri, kuwatembenuza uku ndi uku ngati mmene munthu amaonera mbuzi pa msika, kenako anafunsa kuti, "Umatha kuchapa matewera?" Ine ndinali pomwepo, ndikuwerenga ndalama ndi kondakitala. Ndinamva funsolo, ndinaona zonse, ndipo ndinayatsa galimoto kukaima pa mzere.

Mwanayo ndinakumana nayenso mu December chaka chomwecho. Anali yekha pa siteji ku Limbe, akupempha oitanira kuti amukweze ulere. Ndinamuzindikira ndi diresi lija, lomwe tsopano linali litafupika. Pa mkono wamanja anali ndi chipsera chachikulu cha madzi otentha. Jumbo analibe. Nditamukweza anandifotokozera pang'onopang'ono: ankadzuka 4 koloko kukoleza mbaula, kutenthetsa madzi osamba a banja lonse, kukolopa, kusambitsa ana awiri ndi kuwaperekeza ku sukulu atanyamula zikwama zawo, iye n'kubwerera kukabereka wakhanda. Ankagona m'khitchini pa katoni. Ankadya onse akatha. Geti linkakhomedwa madamu akamapita ku ntchito. Ndalama zinatumizidwa kwa gogo miyezi itatu yokha, kenako akuti zinayamba kudulidwa chifukwa anaswa fulasiki ndi mbale ziwiri. Nditamufunsa za sukulu, anangoti, "Ankati chaka chamawa."

Ndinakamutsitsa pa Nkando osamulipiritsa, koma musandiyamikire. Amene anamupititsa ku Limbe ndine.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsafunsa. Mlangizi wina woteteza ana, yemwe amakwera galimoto yanga kawirikawiri popita kwa DC, ndiye wanditsegula maso. Anandiuza kuti kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti ana 38 mwa 100 aliwonse a zaka zapakati pa 5 ndi 17 akugwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ana oposa 2 miliyoni. Tikamva zimenezi ambirife timaganiza za fodya wa ku Kasungu kapena ana oweta ng'ombe. Amenewo amaoneka, ndipo n'chifukwa chake nkhani yawo imamveka mpaka kunja, mpaka nyumba ya malamulo inathetsa utenanti wa m'minda ya fodya mu 2021. Koma mwana wa m'khitchini saoneka. Ali kuseri kwa mpanda wa njerwa, ndipo mlendo akafunsa, yankho limakhala lokonzeratu: "Ndi mwana wa achemwali anga a kumudzi, tikumulera."

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi cha lamulo lenilenilo. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, gawo 21, limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Koma gawo lomwelo limanenanso kuti chiletsocho sichikhudza ntchito za m'nyumba. Mwina olemba ankafuna kuti kholo lisamangidwe chifukwa chotuma mwana wake kutsuka mbale, ndipo zimenezo n'zomveka. Ana anga omwe amatsuka mbale ndi kusesa pabwalo asanapite ku sukulu. Koma mwana wako kusesa pakhomo pake ndi zina, mwana wa eni kuchoka ku Nkando kukalera ana a munthu amene sakumudziwa, osapita ku sukulu, ndi zinanso. Pa khomo lomwelo lomwe anasiyira makolo, ndi pomwe madamu aja akulowera. Dziko lathu linavomereza mapangano oteteza ana a ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, nambala 138 ndi 182, mu 1999. Mu 2017 tinasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Tili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, tilinso ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015. Nanga bwanji aphungu athu sakukonza ndime imodzi imeneyi, kuti ilekanitse mwana wa pakhomo ndi mwana wolembedwa ntchito pakhomo pa ena? Ndikupempha aphungu a ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu, chifukwa ambiri mwa ana amene ndawanyamula ndi a m'madera awo.

Za lamulo la 2015 lija, anzanga a pamsewu mumve bwino. Mlangiziyo anandiuza mosapita m'mbali kuti kuzembetsa munthu si kuwoloka naye malire kokha ayi. Kumutenga mwana kumudzi, kumunyamula, kapena kumulandira ndi cholinga choti akadyeredwe masuku pamutu, zonsezo lamulo limaziwerengera. Ndinatuluka thukuta nditamva mawu akuti kumunyamula.

Ndikudziwa zimene amayi ena a m'tauni anganene, chifukwa ena ndi abale anga, ena timapemphera nawo. Amati kumudzi akanafa ndi njala, kuno akudya katatu. Amati ife tonse timapita ku ntchito, mwana timusiyira ndani? Vuto limenelo ndi loona, sindikulinyoza. Koma ngati mukufuna wantchito, akuluakulu ofuna ntchito ali mbwee ku Bangwe, ku Ndirande, ku Mbayani. Chifukwa chimene simuwafunira tonse tikuchidziwa: wamkulu amafunsa malipiro amene boma linakhazikitsa, amafuna tsiku lopuma, mukamulalatira amanyamula katundu wake n'kumapita. Mwana wa zaka 11 sadziwa ngakhale njira ya ku depoti. Ndipo ngati mukumuleradi, umboni wake ndi wosavuta. Alembetseni sukulu sabata yomwe wafika, agone pomwe ana anu agona, adye mbale imodzi ndi iwo. Maphunziro a pulayimale ndi aulere chiyambire 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita. Mawu akuti chaka chamawa achokera kuti? Makolo athu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ambiri tagwiritsa mbali yachiwiri yokhayo, ya kudya nayeyo, ndipo tikudya thukuta lake iye asanakule n'komwe.

Gogo wa pa Nkando sindimuweruza. Munthu amene denga lamugwera, wopanda ufa m'nyumba, akamva kuti mdzukulu akadya ndi kuphunzira, akana bwanji? Mabanja otere ndi amene Mtukula Pakhomo ayenera kuwafikira msanga, ndiponso phala la ku sukulu lisamadukize, chifukwa ndaona ndekha kuti phala likakhalapo ana amakhala m'kalasi. Mafumu nawonso angathandize: mwana asamachoke m'mudzi kupita m'tauni mfumu osadziwa akupita kwa yani, nyumba iti, sukulu iti, kuti pakatha miyezi itatu wina akamuone.

Ine ndi kondakitala wanga tinapangana. Mwana amene akupatsidwa kwa ife ndi kapepala ka nambala sitimunyamula tisanafunse: amene akukamulandira ndi ndani wake, sukulu waisiya kalasi yanji, akukatani. Mayankho akapanda kumveka timakana, ndipo nambala 116, yaulere ya chithandizo cha ana, ndinailemba ndi penti pa dashibodi. Ndaimbapo kawiri. Tatukwanidwapo, akuti dalaivala wa minibasi wayamba liti kukhala wa zachitukuko. Choipa n'chakuti tikakana ife, minibasi yotsatira imanyamula. N'chifukwa chake ndalemba kalatayi. Ndikupempha makomiti a masiteji ku Limbe, ku Chitakale ndi ku Muloza, komanso eni minibasi, kuti tikhale pansi tigwirizane chimodzi. Apolisi a pamsewu nawonso, pamene mukuona laisensi ndi inshuwalansi, mwana wakhala yekha kutsogoloyo mufunseni dzina ndi kumene akupita.

Sabata yatha ndinaima pa Nkando n'kufunsa mayi wogulitsa nthochi za mwana uja. Akuti anabwerera ku sukulu, ali Sitandade 4, koma gogo wake akudwala, ndipo kwabweranso munthu wina wochokera ku Lilongwe kudzamufunsa.

Dalaivala wa minibasi,
Limbe