Kalata yonena za nambala 720720

Kawale, Lilongwe

Achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Johannesburg pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Munapempha nambala yaikulu yoti mwana wanu aphunzirirepo kusanthula manambala. Mpatseni 720720.

Asathamangire kugawa, ayambe waiyang'anitsitsa. Ndi 720 wolembedwa kawiri, choncho ndi 720 kuchulukitsa ndi 1001. Tsono 1001 ndi 7 × 11 × 13, ndiye chifukwa chake nambala iliyonse ya madijiti atatu mukailemba kawiri motsatizana imagawika ndi 7, 11 ndi 13 popanda chotsala. Ayese 345345 aone yekha. Nayenso 720 ndi 16 × 9 × 5. Apa nambala yonse yaphwanyika: 2 kanayi, 3 kawiri, kenako 5, 7, 11 ndi 13 kamodzikamodzi. Onsewa ndi ma prime number, sangaphwanyikenso.

Pamene ana amagwa kwambiri ndi powerenga ma factor ake, kutanthauza manambala onse amene amaigawa popanda chotsala. Muyenera kuwonjezera 1 pa kuchuluka kwa prime aliyense musanachulukitse: 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2, yankho 240. Akaiwala kuwonjezera 1 amapeza 8. Kuwonjezera 1 kumeneku n'kofunika chifukwa factor ingathe kusakhala ndi prime ameneyo n'komwe, monga 15 alibe 2 mkati mwake, komabe amagawa 720720.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti 720720 ndi nambala yochepetsetsa imene imagawika ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16. Theka lake, 360360, limalekera pa 15 chifukwa lili ndi 2 katatu kokha, pamene 16 amafuna kanayi. Ambiri amaganiza kuti nambala ikagawika ndi 2 komanso ndi 8 ndiye kuti igawikanso ndi 16. Ayi ndithu, 24 akutsutsa zimenezo. Pa 17 mpamene 720720 imakanika: amalowamo maulendo 42395, kutsala 5.

Kunena za mtundu wake, ndi even number, chifukwa imagawika ndi 2. Si square (nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe), popeza ili pakati pa 848 × 848 amene ndi 719104 ndi 849 × 849 amene ndi 720801. Palibe nambala yocheperapo imene ili ndi ma factor okwana 240, ndipo zotere zimatchedwa highly composite, dzina limene katswiri wa masamu wa ku India, Srinivasa Ramanujan, anagwiritsa ntchito mu 1915. Ndi abundant number, pakuti ma factor ake onse, kupatula iyo yomwe, mukawaphatikiza amakwana 2529072, kuposa iyo katatu ndi theka.

Mwanayo achite zonsezi ndi pensulo m'kope. Kakyuleta aigwire pomaliza, potsimikiza yankho basi. Akamaliza, apeze yekha ma factor a 360360. Ayenera kupeza 192.

Mupereke moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa ku Kawale