Dzina la Kunigunde musaliope

A Mkonzi,

Mundilole ndiyankhulepo pa nkhani imene yautsa mkangano m'banja mwathu. Mdzukulu wanga wabereka mwana wamkazi ndipo akufuna kumutcha Kunigunde. Azakhali a mwanayo akuti dzinali n'lolemera pakamwa. Msuweni wake wina wafufuza pa intaneti n'kupeza kuti muli mawu otanthauza nkhondo, basi walengeza kuti mwanayo adzakhala wandewu. Ine ndili kumbali ya mdzukulu wanga, ndipo zifukwa ndili nazo.

N'zoona kuti dzinali ndi lachijeremani chakalekale ndipo linalumikizidwa kuchokera ku mawu awiri, kunni kutanthauza fuko kapena mtundu, ndi gund kutanthauza nkhondo. Koma amene akunjenjemera ndi nkhondoyo aiwala kuti Matilda ndi Hilda, mayina amene sitiwaonanso achilendo, ali ndi hild, yemwe ndi nkhondo yomweyo. Ger wa mu Gertrude ndi mkondo. Sindinamvepo munthu akuthawa Gertrude poopa kulasidwa.

Anthu a mitundu yachijeremani ankamanga dzina ndi zidutswa ziwiri, ndipo kawirikawiri chidutswa chimodzi ankachitenga pa dzina la kholo kapena wachibale, kuti womva adziwe kuti mwanayu ndi wa nyumba yakutiyakuti. Tanthauzo la dzina lonse silinali kuwavutitsa mutu kwenikweni. Umboni wake ndi dzina ngati Hildegund, lomwe mukalimasulira likungoti nkhondo nkhondo. Gund yemweyo anali pa dzina la Radegund, mfumukazi imene inasiya ufumu n'kukayambitsa nyumba ya masisitere ku Poitiers ndipo inamwalira mu 587. Analinso pa dzina la Fredegund, mfumukazi ya nthawi yomweyo imene mbiri imaikumbukira chifukwa chophetsa adani ake. Nanga dzinalo linasankha uti pamenepa?

Chimene chinapulumutsa dzina la Kunigunde kuti lisafe ndi mayi mmodzi. Iye anali mwana wa Siegfried, mkulu amene anapeza linga la Luxembourg mu 963. Anakwatiwa ndi Heinrich wa ku Bavaria, ndipo mu 1002 anavekedwa ufumukazi ku Paderborn. Mu 1014 awiriwa anavekedwa zisoti za ufumu waukulu ku Rome. Sanali mkazi wongokhala phee kumbuyo kwa mwamuna. Dzina lake limapezeka m'makalata ambiri a ufumu monga wopempherera ena kwa mfumu, ndipo pamene dayosizi ya Bamberg inkakhazikitsidwa mu 1007 iye anaperekapo gawo lake. Ana sanabereke. Heinrich atamwalira mu 1024, Kunigunde anasunga zizindikiro za ufumu mpaka Konrad II atasankhidwa, n'kumupatsa popanda kulimbalimba. Chaka chotsatira analowa m'nyumba ya masisitere ku Kaufungen, imene anaiyambitsa yekha, nakhala momwemo mpaka imfa.

Pali nthano yotchuka yakuti atamunamizira chigololo anayenda wosavala nsapato pa zitsulo za pulawo zoyaka moto, osapsa. Ndikuti nthano chifukwa inalembedwa patapita zaka zambiri iye atamwalira, komabe anthu a ku Bamberg anaikonda mpaka Tilman Riemenschneider anaisema pa manda a awiriwa m'tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, ntchito imene inatha mu 1513. Ine nthanoyi siindigwira mtima ngati mmene imandigwirira nkhani ya kupereka ufumu mwamtendere ija, poti ya zitsuloyo aliyense akhoza kuipeka. Papa Innocent III anamuika m'gulu la oyera mu 1200, mwamuna wake atamutsogolera kale mu 1146.

Kuchokera apo dzinali linafalikira m'mabanja achifumu. Ku Hungary ndi ku Poland linafupika n'kukhala Kinga, dzina la mwana wamkazi wa mfumu Béla IV. Kinga ameneyu anamwalira mu 1292, ndipo okumba mchere ku Wieliczka anamusemera kachisi pansi pa nthaka. Papa John Paul II anamuika m'gulu la oyera mu 1999.

Sindibisa, ku Germany lero Kunigunde amalimva ngati dzina la agogo, ndipo makolo amene amalipereka kwa ana ndi ochepa. Kumeneko amalidula n'kumati Kuni kapena Gundi. Koma kuti dzina lakalamba kwa eni ake si mlandu wa mwana wathu.

Za kulemera pakamwazo ndiye ndikukaniratu. Tayesani kulitchula pang'onopang'ono: Ku-ni-gu-nde. Lilime lathu silipunthwa paliponse, likungoyenda ngati likutchula mawu athu omwe. Gertrude uja ndiye timachita kumupinda kuti atikwane m'kamwa, koma palibe amadandaula.

Chimene ndamuchenjeza mdzukulu wanga ndi kalembedwe basi. Mabuku ena amalemba Cunigunde, ena Cunegunda, Ajeremani amalemba Kunigunde. Asankhe kamodzi, ndipo kalembedwe komweko kakhale pa chiphaso chobadwira, pa khadi la ubatizo ndi m'kaundula wa kusukulu. Tsiku la nkhoswe yake likhala pa 3 Marichi.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito