Opaleshoni siwonjezera mazira a mayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amayi anzanga amene akusowa mphatso ya mwana, makamaka amene anauzidwa kuchipatala kuti mazira awo atsala ochepa. Kuno ku Mzuzu, kaya ndi ku banki mkhonde kaya ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, anthu akumalangizana kuti opaleshoni kapena "kutsuka chiberekero" ndiye mankhwala a kusabereka kulikonse.

Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, ndipo thupi lake silipanganso ena. Akamatha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000, ndipo mayi akapitirira zaka 35 amayamba kuchepa mofulumira. Mpeni wa dokotala sungabwezeretse mazira amene atha, koma ungathe kuchepetsa otsalawo, chifukwa pochotsa chotupa pa thumba la mazira, makamaka chotupa cha matenda a endometriosis (pamene mnofu wofanana ndi wa m'kati mwa chiberekero umamera kunja kwa chiberekerocho), nthawi zambiri pamachokanso mnofu wabwino umene muli mazira. Mng'ono wanga anachitidwa opaleshoni yotere kawiri pa chipatala china osayezedwa kaye kuchuluka kwa mazira ake, ndipo lero, ali ndi zaka 33 zokha, akumva kuti nkhokwe yake yatsala pang'ono kuuma.

Sikuti opaleshoni iliyonse ndi yoipa ayi. Machubu akatsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana kapena likodzo, limene ife oyandikana ndi nyanja ya ku Nkhata Bay timalidziwa bwino, kapenanso chotupa chikamera m'kati mwa chiberekero, opaleshoni imatha kukonza njira kuti mazira ochepawo agwire ntchito.

Ena awerenga pa intaneti za njira imene Dr Kazuhiro Kawamura wa ku Japan ndi anzake analengeza mu 2013, yodula thumba la mazira m'tizidutswa n'kutibwezeretsa m'thupi pofuna kudzutsa mazira ogona. Mwana anabadwadi, koma dzira lake linakumana ndi umuna mu labotale, amayi amene anathandizika ndi ochepa, ndipo njirayi ikadali pa kafukufuku. Sindingalangize banja lililonse kugulitsa munda kapena ng'ombe chifukwa cha lonjezo lotere.

Pempho langa n'lakuti mayi asanavomere kuti thumba lake la mazira likhudzidwe, afunse za kuyeza magazi kotchedwa AMH komanso sikani yowerenga timatumba ta mazira, zimene zimathandiza kudziwa kuchuluka kwa mazira otsala. Bambo nayenso ayezetse umuna, pakuti kumeneko sikufuna mpeni, ngakhale kuti abambo ambiri amakana ndipo mayi ndiye amatsala akutchedwa chumba. Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti kuyeza konseku kukupezeka nthawi zonse pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, kumene amayi a ku Chitipa, Karonga, Rumphi ndi Mzimba amatumizidwa.

Mayi wokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu