Nkhalamba zosamutsidwa ndi madzi zikusokonezeka mutu, si afiti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za nkhalamba za kuno ku Chigwa cha Shire zimene zinachotsedwa m'midzi yawo ndi madzi osefukira. Kuyambira chigumula cha 2015, kenako namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabanja ambiri a ku Nsanje ndi ku Chikwawa asamukira kumtunda. Kusamukako sindikutsutsa, chifukwa madzi atiphera abale ambiri. Koma obweretsa thandizo amawerenga matumba a ufa ndi malata basi. Zimene zikuchitika m'mutu mwa gogo wochotsedwa pamene anabadwira palibe akuzifunsa.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ndikusunga azakhali anga. Kwawo, kutsidya kwa Shire, ankaiwala dzina la mdzukulu apa ndi apo, koma ankadzichitira zonse. Miyendo yawo inkadziwa yokha njira ya kudimba, pamene pali mtondo, ndi mtengo wa masawu umene ankakhala pansi pake ndi anzawo. Chibwerere kuno anasintha msanga. Dzuwa likangopendeka amakulunga zovala m'chitenje n'kuima pakhomo, amvekere: "Iwe mwanawe, ndiperekeze kudooko, bwato lindisiya." Ndikati ndiwauze kuti nyumba ija inapita ndi madzi, amalira ngati akumva koyamba. Ndiye ndimangoti, "Azakhali, yambani mwadya, tipita mawa," mtima wawo n'kukhala pansi.

Achipatala anatiuza kuti awa ndi matenda oiwala a ukalamba, dementia. Ubongo umayamba kulephera kusunga zatsopano, pamene zakale zimakhalitsa. N'chifukwa chake azakhali angakutchulireni mmodzimmodzi othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankagona pakhonde pawo m'zaka za m'ma 1980, koma nsima imene adya masana aiwala. Munthu wotere malo ozolowera ndiwo amam'gwira dzanja. Mukam'chotsapo, matenda amene anali obisika amaonekera poyera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndiye si zodabwitsa kuti nafenso tili nawo.

Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti gogo wotere akatuluka usiku n'kusochera, amapezeka m'mamawa pakhomo la eni, mwina chitenje chatayika m'njira. Pamudzi wachilendo palibe womudziwa. Wina amangofuula kuti wagwa m'ndege ya ufiti, anthu n'kumuzungulira. Akam'funsa mokalipa ngati ndi mfiti, iye amavomera, popeza sakumvetsa n'komwe funsolo. Tisaiwale nkhalamba zinayi zimene zinaphedwa ku Neno mu 2016 poziganizira ufiti. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire, koma m'midzi yathu ndi angati anawamvapo malamulowa?

Komanso si kusokonezeka konse kumene kuli dementia. Matenda oiwala amabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Gogo amene dzulo anali bwinobwino koma lero akubwebweta, thamangani naye kuchipatala. Kuno mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo nkhalamba sizimva ludzu msanga. Kuchepa kwa madzi m'thupi, malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo zimasokoneza mutu mwadzidzidzi, ndipo izi zimachizika.

Palinso ena amene mutu uli bwino koma mtima unasweka. Ndimawaona azibambo amene ankadziwa tsiku lobzala chimanga madzi akaphwa, odziwa kuluka mono, amene m'chaka cha njala ankalozera achinyamata pokumba nyika, mizu ya m'madzi imene timadya. Lero angokhala pamthunzi kudikira dzina lawo pa Mtukula Pakhomo. Salankhula, chakudya amangochilawa, ife n'kumati ndi ukalamba. Ayi, kumeneko ndi kudwala maganizo. Katswiri wa za maganizo Erik Erikson anaphunzitsa kuti munthu akakalamba amayang'ana m'mbuyo kuti aone ngati moyo wake unali ndi tanthauzo. Nanga aona chiyani ngati munda, manda a mkazi wake ndi anzake ocheza nawo zonse zinatsala kutsidya? Gogo akamakana kusamuka timafulumira kumunena kuti ndi wamakani, chonsecho akuopa kukhala munthu wopanda ntchito pakati pa alendo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 5 ndi a zaka 60 kupita m'tsogolo. Chiwerengerochi chizikwera pamene anthu akukhala ndi moyo wautali, choncho nkhaniyi sitingaizembe.

Ndikupempha mafumu athu kuti pogawa malo atsopano, amene anali oyandikana kumudzi wakale aziyandikananso, kuti gogo akasochera apezeke womudziwa dzina. Makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi aziikamo achikulire, chifukwa mayendedwe a Shire ndi Ruo amawadziwa ndi iwowo. Ndipo Unduna wa Zaumoyo uphunzitse alangizi a zaumoyo a m'midzi kuzindikira matenda oiwala, kuti poyendera ana a sikelo azilowanso m'nyumba za agogo n'kufotokozera owasamala zoyenera kuchita.

Mphunzitsi wopuma,
Bangula, Nsanje