Misonkhano ya ofuna kusiya mowa ifike kuno kunyanja

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za anthu a kuno ku Salima amene atopa ndi mowa koma alibe poyambira. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma kachasu akutchezedwabe m'midzi, ndipo timabotolo ta mowa waukali tikupezeka kuyambira pa Kamuzu Road mpaka kumadoko a Senga Bay ndi Chipoka. Za kuipa kwa mowa timazimva m'tchalitchi, mumzikiti ngakhale pamaliro. Chimene sitimva ndi chakuti munthu amene wanena kuti "ndatopa, ndikufuna kusiya" apite kuti mawa lake.

Njira imodzi imene yathandiza anthu m'mayiko ambiri ndi misonkhano ya anthu a vuto limodzi. Gulu lodziwika kwambiri la mtunduwu, Alcoholics Anonymous, linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene amuna awiri omwe mowa unawagonjetsa, Bill Wilson ndi Dr Bob Smith, anazindikira kuti kukambirana za vuto lawo kumawathandiza kutsiriza tsiku osamwa. Pamisonkhano yake palibe ndalama yolowera, ndipo chofunika chokha kuti munthu akhale membala ndi kufuna kusiya kumwa. Anthu amatchulana dzina loyamba lokha, wina akamafotokoza zimene wadutsamo enawo amamvetsera osamudula mawu, ndipo watsopano ali ndi ufulu wongokhala chete mpaka tsiku limene adzafune kulankhula. Salonjezana kusiya mowa moyo wonse, koma kusamwa lero lokha, ndipo amene watha nthawi yaitali osamwa amayenda ndi watsopanoyo, kuti chilakolako chikamugwira usiku akhale ndi womuimbira foni.

Vuto lathu ndi mtunda. Msodzi wa pa Senga Bay akafuna chithandizo cha akatswiri amauzidwa za chipatala cha St John of God ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mwinanso za chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Malo amenewa ndi ofunika, koma munthu sangakwere minibasi mtunda wa makilomita oposa 100 sabata iliyonse kuti akakhale pamsonkhano wa ola limodzi. Misonkhano ya pa intaneti ilipo yambiri, koma yochuluka imachitika m'Chingerezi ndipo imafuna foni yamakono ndi bandulo. Choncho gulu liyenera kukhala pano pomwe, m'chilankhulo chimene munthu amalirira akapsinjika.

Kuyambitsa gulu lotere sikufuna galimoto kapena ndalama za mabungwe. Kumafuna chipinda chotseka, mabenchi ndi anthu awiri kapena atatu otsimikiza mtima. Ndikupempha abusa, ansembe, mashehe, aphunzitsi akuluakulu ndi mafumu kuti abwereketse zipinda, koma akabwereketsa atuluke. Ndikunena izi mwaulemu wonse. M'dera ngati lathu aliyense amadziwa mnzake, ndipo bambo sangaulule kuti anagulitsa malata a nyumba kapena feteleza wa mkazi wake chifukwa cha mowa ngati mkulu wa mpingo wakhala pakona, kapena ngati akudziwa kuti nkhaniyo ifika pachigayo dzuwa lisanalowe. Msonkhanowu ukasanduka ulaliki kapena bwalo la milandu, anthu adzabwera kamodzi basi. Amayi nawo, omwe amanyozedwa kwambiri kuposa abambo akadziwika kuti amamwa, ayenera kukhala ndi nthawi yawoyawo ngati afuna.

Nthawi yokumana iganiziridwenso bwino. Asodzi a usipa amagwira ntchito usiku ndi nyali, amakocheza m'mawa, ndipo ndalama imalowa m'thumba nthawi imene ena tikupita kuntchito. Apa ndi pamene ambiri amayambira kumwa. Mwezi ukawala, usodzi wa nyali umachepa ndipo anyamata amangokhala padoko. Msonkhano wa madzulo, umene ungayenere mphunzitsi kapena wogulitsa mumsika, sungamuthandize msodzi. Wake uyenera kukhala cham'mawa, pafupi ndi doko, ndalama isanathere kwa ogulitsa kachasu.

Pali chenjezo limene gulu lililonse liyenera kulidziwa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, amatha kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zimene palibe, kapena kugwa ngati wakhunyu, makamaka m'masiku awiri kapena atatu oyambirira. Izi si ziwanda kapena kulodzedwa, ndipo zikhoza kupha. Wotere athamangire naye kuchipatala, chifukwa mankhwala ake alipo. Gululo ntchito yake ndi kumugwira dzanja akatuluka. N'chifukwa chake ndikupempha ofesi ya zaumoyo m'boma lino kuti anamwino a matenda a maganizo ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi adziwe magulu amene angayambe, kuti azitumizako anthu.

Kwa inu akonzi, pempho langa ndi lakuti mupereke kadanga kochepa sabata iliyonse kolengezapo tsiku, nthawi ndi malo a misonkhano yotere m'maboma onse, popanda kutchula dzina la munthu aliyense, ndipo mawayilesi a m'madera achite chimodzimodzi.

Wowerenga wanu,
Senga Bay, Salima