Zimene ophunzira apeza pa nkhalango ndi thanzi la ana zibwerere kumudzi

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga pa tsamba lanu ndinene zimene zakhala zikundisowetsa mtendere. Ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo zaka 26 m'midzi ya m'munsi mwa phiri kuno ku Zomba, ndipo tsopano ndinapuma. Zaka zonsezo ndinkapachika sikelo pa nthambi ya mango, kukweza ana, kulemba m'makadi, kugawa kolorini ndi mapaketi a thanzi. Mvula ikafika pachimake, mu Januwale ndi Febuluwale, kaundula wanga ankadzaza ndi matenda amodzi omwewo, kutsegula m'mimba. Ndinkalemba dzina la mwana, msinkhu wake, mudzi wake, ngati pakhomo pali chimbudzi, ngati pali mpondagiya wosambira m'manja. Pa fomu yonseyo panalibe pofunsa za mtsinje umene mayi wake amatungako madzi, kapena ngati kumene mtsinjewo umachokera kukadali mitengo.

Komatu mtsinjewo ndinkauona ndi maso anga. Nditangofika kumene, unkatuluka mumsitu wa masuku ndi miombo, madzi ake ozizira, oti ukawerama umaona timiyala pansi. Ngakhale mu Okutobala unkayendabe. Mauvuni a makala atakwera phiri, zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mvula ikagwa usiku, m'mawa madzi ankatsika ofiira ngati thobwa la mawere, atakokolola dothi, ndowe za mbuzi ndi zonse zimene anthu asiya kutchire. Pofika Sepitembala mtsinje unkaphwa, amayi n'kuyamba kufukula mchenga ndi mbale kuti madzi adikhe. Mjigo unalipo umodzi, koma ukathyoka kapena mzere ukatalika, anthu ankabwerera kumchenga komweko. Ndikukumbukira mayi wina atakhala pakhonde panga usiku, mwana ali pamiyendo, maso atalowa m'kati, liwombo litagwa. Anandiuza kuti madzi anawathira mankhwala monga ndinawalangizira, koma anali amatope kwambiri moti fungo la kolorini silinamveke n'komwe. Mwanayo anapulumuka chifukwa tinapeza njinga yothamangira naye kuchipatala.

Chaka chatha mdzukulu wanga amene ali kusukulu ya ukachenjede anakhala nane pansi n'kumandiwerengera pa foni zimene akatswiri analemba kalekale za nkhani yomweyi. Ndinamva chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi, chifukwa zimene ndinkangoziganizira mumtima zinali zitayezedwa kale, kuno kwathu konkuno.

M'chaka cha 2013, ofufuza anatenga mayankho a kalembera wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2010, uja amayendetsa a National Statistical Office, n'kuwayika pamodzi ndi zithunzi za nkhalango zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Anapeza kuti ana a m'madera amene nkhalango inatha anali ndi mwayi wocheperapo ndi 19 peresenti wodya zakudya za kasinthasintha, ndi wocheperapo ndi 29 peresenti wodya zakudya zokhala ndi vitamini A. Anapezanso kuti kumene mitengo ikadali yambiri, ana satsegula m'mimba kawirikawiri. Aliyense wokulira kumudzi samva zachilendo pamenepa. Mwana wa pafupi ndi msitu akapita kokafuna nkhuni amabwerako atakhuta masuku, nthudza kapena maye. Amayi ake amazula bowa mvula ikayamba, amatola mphalabungu, ndipo ndiwo zamasamba za kuthengo sizisowa. Msitu ukatha, mwanayo amatsala ndi nsima ya mchere ndi masamba a nkhwani, ngati alipo.

Kenako mu 2019, Annie Mapulanga, Mmalawi mnzathu, pamodzi ndi Hisahiro Naito wa ku yunivesite ya Tsukuba ku Japan, anatulutsa kafukufuku wa madzi akumwa. Iwo anapeza kuti nkhalango ikachepa ndi 1 peresenti, mwayi wa anthu wopeza madzi abwino akumwa umatsika pafupifupi mofanana, ndi 0.93 peresenti. Ananenanso kuti mitengo imene tinataya m'zaka 10 kuchokera mu 2000 inavulaza madzi athu akumwa ngati mmene zikanakhalira mvula itachepa ndi 9 peresenti. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pansi pa mitengo pali masamba owola ndi mizu, ndipo madzi a mvula amalowa m'nthaka pang'onopang'ono n'kumadzatulukira pa kasupe ndi m'zitsime miyezi yonse ya chilimwe. Pa phiri la mbee madzi amangothamanga tsiku limodzi, atanyamula matope, n'kutisiya ndi zitsime zouma.

Funso langa, a Mkonzi, n'lakuti: mayankho amene anamangira kafukufukuyu anachokera kwa yani? Anachokera kwa amayi akumudzi amene anasiya mtondo n'kukhala pamphasa ola lathunthu kuyankha mafunso a mlendo wonyamula mapepala. Ine ndemwe ndaperekeza magulu ambiri otere kwa mfumu, kuwamasulira, kuwasonyeza makomo. Ena anatenga magazi a ana pa chala, ena anatunga madzi a pamjigo m'timabotolo, ena anamangirira timakina toyezera utsi m'makhitchini. Onse ankalonjeza kuti adzabweranso kudzatiuza zimene apeza. Pa magulu onse amene ndinawaperekeza, amene anabweradi ndi limodzi lokha. Amfumu ankandifunsa ine kuti, “Nanga aja anatenga madzi athu aja anati bwanji?” Ndinkasowa chonena, ndipo gulu lina likabwera anthu ankayamba kukayika, ena n'kumanong'ona za opopa magazi. Mphekesera zotere zimamera pamene anthu atengedwa zinthu koma osauzidwa kanthu.

Pali kafukufuku wina amene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa zotsatira zake sizinakomere aliyense. Ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu anatsatira ana 10,750 a m'magulu a midzi 150 kwa zaka ziwiri. Theka la midziyo linalandira mbaula zamakono zokhala ndi kokupizira mpweya koyendera mphamvu ya dzuwa, zotulutsa utsi wochepa kwambiri. Theka linalo linapitiriza kuphika pa mafuwa. Chiyembekezo chinali chakuti chibayo cha ana osakwana zaka 5 chitsika kumene kuli mbaula. Zotsatira zitatuluka kumapeto kwa 2016, zinaonetsa kuti chibayo sichinatsike. Chimene chinachepako ndi zilonda zazing'ono zopsa ndi moto. Ofufuzawo sanabise. Anafotokoza kuti mbaula zinkawonongeka pafupipafupi, mabanja ankabwerera pa mafuwa, komanso mwana amapuma utsi wina wochuluka kunja kwa khitchini: wa zinyalala zotenthedwa, wa moto wa kutchire, wa pakhomo loyandikana nalo.

Ine ndimawalemekeza anthu amenewa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Iwo anatiuza zoona zimene zinali zowawa kwa iwo eni, atathera zaka ndi ndalama zambiri. Koma patapita zaka zingapo, ndinakhala pa msonkhano wa pamudzi pamene mnyamata wa bungwe lina ankagawa mbaula zadothi, akuuza amayi kuti akazilandira ana awo sadzadwalanso chibayo. Mnyamatayo sanali wabodza. Ankanena zimene anaphunzitsidwa, ndipo amene anamutuma mwina sanawerenge n'komwe zimene zinapezeka ku Chikwawa. Ine chitetezo mbaula ndili nayo kwanga ndipo ndimaikonda. Mtolo wa nkhuni umene unkatha masiku atatu tsopano umafika sabata, ndipo pamenepo pokha pali phindu lalikulu kwa mayi ndi kwa phiri. Tiziwauza amayi zimenezo, pakuti n'zoona. Koma mayi amene wauzidwa kuti mbaula yathetsa chibayo akhoza kuzengereza kuthamangira kuchipatala mwana akayamba kubanika ndi kukoka nthiti, ndipo chibayo sichidikira.

Mbaula zimenezi zalowanso m'malonda a kaboni. Makampani amazigawa kuno n'kukagulitsa kunja mapepala onena kuti utsi wochuluka chakuti wapewedwa, ndipo ogula kumeneko amati alipira mlandu wa utsi wa mafakitale awo. Kumayambiriro kwa 2024, ofufuza a ku University of California, Berkeley anaunika mapulojekiti otere a m'mayiko osiyanasiyana n'kupeza kuti utsi umene ankati wapewedwa unakokomezedwa pafupifupi ka 9. Mwa zina, owerengetsera ankangoganiza kuti mbaula iliyonse yogawidwa ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Mlangizi aliyense wakumudzi akanawauza kuti ina yasweka, ina yasanduka poikira nkhuku, ndipo nsima ya banja lalikulu kapena ya pamaliro imaphikidwabe pa mafuwa. Boma lathu likamasainirana mapangano a kaboni, likhale litawerenga zimenezi, chifukwa dzina limene lidzaipe chinyengo chikaululika ndi la Malawi.

Pa nyengo yeniyeniyo, pali chinthu chimene chinandichititsa manyazi. Namondwe Ana atatigunda mu Januwale 2022 n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, gulu la akatswiri lotchedwa World Weather Attribution linafufuza ngati kutentha kwa dziko kunawonjezera mvulayo. Linapeza kuti kunawonjezeradi, koma linalephera kunena kuti ndi mochuluka bwanji, chifukwa zolembedwa za mvula za zaka zambiri zosadukiza zinali zosowa. Kuno kwathu sanapeze malo oyezera nyengo okhala ndi zolembedwa zokwanira pa ntchitoyo. Patangotha chaka, mu Malichi 2023, Freddy anabwera, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Nthawi yomweyo tinali m'kati mwa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Nthumwi zathu zikapita ku misonkhano ya nyengo kukapempha chipukuta misozi, mayiko olemera amafuna manambala. Kachitini koyezera mvula sikadula ngati galimoto ya bwana. Kakhoza kuima pa sukulu iliyonse ya pulayimale, ana a sitandade 7 n'kumalemba m'buku m'mawa uliwonse, mphunzitsi n'kumatumiza pa foni ku nthambi ya zanyengo.

Malamulo tili nawo. Lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakula. Tili ndi ndondomeko ya makala ya 2017 mpaka 2027. Tinalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka yoguga pofika 2030. Asilikali anatumizidwa ku Dzalanyama mu 2015 kukateteza nkhalango imene imamwetsa mzinda wa Lilongwe. Komabe pafupifupi banja lililonse m'dziko muno limaphikira nkhuni kapena makala, ndipo wootcha makala amene timamulanda njinga pamsewu akungotumikira mbaula ya m'tauni, ya anthu amene magetsi awathimira kapena sangakwanitse gasi. Chimene sindinachione m'zaka zanga zonse ndi mkulu wa zaumoyo ndi mkulu wa zankhalango wa m'boma limodzi atakhala pa tebulo limodzi, mapu a mitengo mbali iyi, kaundula wa ana otsegula m'mimba mbali inayo. Ife a zaumoyo tinkathira kolorini kumunsi, anzathu a zankhalango ankathamangitsa ootcha makala kumtunda, mtsinje womwewo, osadziwana ngakhale mayina.

Ndikupempha makomiti amene amavomereza kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee ndi COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, kuti asamapereke chilolezo kwa wofufuza amene sanaike mu bajeti yake ulendo wobwerera kumudzi kukanena zotsatira m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena, pabwalo la mfumu pomwe anayambira. Ndipo azitsatira ngati wabwereradi. Aphunzitsi athu a ku LUANAR, a ku Mzuzu University ndi ofufuza za nkhalango a bungwe la FRIM kuno ku Zomba azipita pa wailesi za m'madera kukafotokoza zimene apeza m'mawu amene gogo angamve. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala, tisamangomva kuchuluka kwa mbande zodzalidwa. Atiuzenso mu Okutobala kuti zatsala zingati, ndipo atiuze ngati kungosiya zitsa za miombo kuti ziphukenso, n'kuziteteza ku moto ndi mbuzi, sikukubweza msitu msanga kuposa kudzala bulugamu m'mphepete mwa kasupe.

Inunso, a Mkonzi, muli ndi gawo. Kafukufuku wokhudza dziko lino akatuluka, mutumeni mtolankhani wanu akamuwerenge n'kutilembera m'chinenero chathu, ndi manambala ake omwe, ngakhale zotsatira zake zikhale zosakoma kwa boma kapena kwa opereka thandizo. Kumudzi kumene ndinkagwira ntchito, komiti ya zaumoyo ndi komiti yosamala zachilengedwe zagwirizana chaka chino kuti pasadulidwe mtengo uliwonse pa mtunda wa mapazi 100 kuzungulira pamene mtsinje uja umatulukira. Amfumu andipempha kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa ndikawerenge zija za 2013 ndi 2019. Mdzukulu wanga wandilembera m'Chichewa pa mapepala awiri a m'kope, ndipo ndidzapita nawo.

Ine wanu,
Mlangizi wa zaumoyo wopuma,
Zomba