Msana ndi maganizo zandigwirira limodzi

Agogo,

Ndine bambo wa zaka 39, wa ana atatu, ndipo ndapalasa kabaza kuno ku Balaka kwa zaka 11. Msana unayamba kundiwawa mu 2022 nditanyamula matumba awiri a chimanga panjinga. Ndinkati pakatha sabata usiya, koma mpaka lero. Panado ndi Brufen ndamwa mpaka m'mimba munayamba kuotcha. Kuchipatala anandijambula, fupa lothyoka sanalipeze.

Chandilembetsa kalatayi si msana wokha ayi. Kuyambira chaka chatha tulo timandithera cha m'ma 2 koloko usiku, n'kuyamba kuwerengera ngongole ya kubanki m'khonde ndi fizi ya mwana wa Fomu 2. Nsima sindiimvanso kukoma. Bawo ndinasiya, kutchalitchi ndinaleka. Ndipo ndaona kuti usiku umene ndaganiza kwambiri, m'mawa mwake msana umachita kuuma gwa, kuwerama kuti ndimange nsapato kumene osatheka.

Mwezi watha ndinakumana ndi dokotala wina amene anandifunsa za tulo ndi za pakhomo. Anati ululu wokhalitsa umatha kubweretsa matenda a maganizo, matendawo n'kukulitsanso ululu uja, chifukwa ubongo umene umamva kuwawa ndi womwewo umene walemedwa ndi nkhawa. Anatinso kuswera pamphasa tsiku lonse kumangoumitsa minofu. Anandipatsa amitriptyline woti ndizimwa pogona, nandichenjeza kuti amatenga masabata angapo asanayambe kuthandiza.

Agogo, mankhwalawo adakali m'thumba la jekete, sindinamweko ngakhale limodzi. Nditamva kuti amawapatsanso odwala maganizo ndinachita mantha. Mayi a kunyumba anayamba kale kundiona ngati waulesi, ndiye akadziwa zimenezi sadzati msanawu unali wonamizira? Amayi anga nawo akuti anzanga a pasiteji anandilodza, tipite kwa asing'anga. Anthu akwathu kuno akamva mawu oti maganizo amathamangira kunena kuti munthu watsala pang'ono kupita ku Zomba, ndipo ana anga sindifuna azinyozedwa kusukulu.

Kodi ndikawamwa ndiye kuti ndavomera kuti ululu wangawu ndi wongoganizira? Ine ndimaumva ndithu, umatsikira mpaka m'chiuno. Nanga mkazi wanga ndimukhazike pansi bwanji kuti amvetse, kapena ndipite naye kwa dokotala uja akamve yekha? Panjinga ndibwerere pang'onopang'ono kapena ndidikire kaye? Ndithandizeni Agogo, ufa watsala wa masiku ochepa.

Ine mdzukulu wanu wosowa mtendere,
Balaka